Khasu likayamba kulemera, yang'anani m'mbale

Mwezi wa Epulo ukangolowa, masikelo amayamba kulendewera m'mitengo ndi m'makonde a masitolo kuyambira ku Mchinji, Kasungu, Dowa mpaka ku Dedza. Njinga zimabwera zitasenza soya, kenaka nyemba, pambuyo pake mtedza. Kummwera, cha ku Zomba, Chiradzulu ndi Mulanje, sikelo imadikira nandolo wa mu Ogasiti ndi Sepitembala. Kugulitsa mbewu si mlandu, alimi anzanga. Fizi imafuna ndalama, feteleza amafuna ndalama, ngongole ya kukalabu nayo siyembekeza. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti m'mabanja ambiri thumba lomaliza nalo limapita kusikelo. Pakhomo pamatsala chimanga chokha, ndipo kuyambira pamenepo mpaka mvula ina banja limadalira nsima ya ufa woyera ndi masamba.

Ana amaonekera msanga akaperewera zakudya, ndipo kusikelo ya ana anamwino amaziona. Koma pali gulu lina limene palibe amaliyeza: agogo, amene m'midzi yambiri ndiwo akulima, kulera zidzukulu ndi kusunga pakhomo pamene achinyamata ali kutauni kapena ku Joni. Munthu wa zaka 65 akayamba kudandaula kuti khasu lalemera, kuti mizere imene kale ankaimaliza dzuwa lisanafike pamutu tsopano ikumutengera masiku atatu, timangoti ndi ukalamba. Zoona, ukalamba ulipo. Koma mbali ina ya kufookako imachokera m'mbale ndi pamkeka, ndipo mbali imeneyo ingathe kubwezedwa.

Thupi la munthu limayamba kutaya minofu pang'onopang'ono akangopitirira zaka 30. Akatswiri amati pa zaka khumi zilizonse munthu amataya magawo 3 mpaka 8 pa magawo 100 a minofu yake, ndipo akadutsa zaka 60 kutayako kumafulumira. Dokotala wina wa ku America, Irwin Rosenberg, anapatsa vutoli dzina loti sarcopenia m'chaka cha 1989. Chimayambira kuonekera ndi ntchafu. Munthu akafuna kudzuka pampando amagwira mawondo, akafuna kudzuka pamkeka amafuna khoma. Kenaka amayamba kuyenda mokhwekhwereza mapazi, n'kumapunthwa pamizere. Wachikulire akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, nthawi zambiri kumunda ndiye kuti wakutsanzika.

Minofu imamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, zimene asukulu amati mapuloteni. Thupi silikhala ndi nkhokwe ya mapuloteni monga momwe limasungira mafuta. Likaperewera, limagumula minofu yake yomwe kuti lipeze zokonzera magazi, khungu ndi chitetezo cha matenda, ngati munthu wosasula denga lake kuti apeze nkhuni. Ndiye n'chifukwa chake chakudyachi chimafunika tsiku lililonse, osati pa Khirisimasi ndi pamaliro pokha.

Nanga chimafunika chochuluka bwanji? Mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi a dziko lonse, WHO ndi FAO, mu lipoti lawo la 2007 anaika mlingo wa magalamu 0.83 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu wamkulu patsiku. Munthu wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti afunika magalamu pafupifupi 50. Koma magulu a madokotala oona za okalamba, m'zaka za 2013 ndi 2014, analangiza kuti wopitirira zaka 65 azidya zoposa pamenepo, galamu 1.0 mpaka 1.2 pa kilogalamu, kutanthauza magalamu 60 mpaka 72 kwa munthu yemwe uja. Izi zimadabwitsa ambiri poti timaganiza kuti nkhalamba ifunika zochepa. Chifukwa chake n'chakuti minofu ya wachikulire imakhala ngati yogontha. Mlingo umene umakwanira kudzutsa minofu ya mnyamata kuti iyambe kumanga, kwa agogo sumveka, mpaka awonjezere. Tsono vuto limakula chifukwa pamsinkhu womwewo chilakolako cha chakudya chimachepa ndipo mano amakhala atatha.

Tiyeni tione za m'mbale mwathu. Ufa wa chimanga uli ndi mapuloteni magalamu 7 mpaka 9 pa magalamu 100, mgaiwa ndiwo uli pamwamba, ufa woyera uli pansi. Munthu wodya nsima ya ufa wokwana magalamu 400 patsiku amapezamo magalamu 30 kapena kuposa pang'ono. Si zochepa kwenikweni, koma mapuloteni a chimanga ndi opunduka. Mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa tosiyanasiyana, ndipo tina mwa ito thupi silingathe kupanga lokha. Chimanga chimaperewera tiwiri, lysine ndi tryptophan. Zili ngati kukhala ndi njerwa zambiri koma simenti yochepa: khoma limaima pomwe simenti yathera. Mbewu za mtundu wa nyemba zili ndi lysine wambiri, pamene chimanga chili ndi kachidutswa kena kamene nyemba zimaperewera. Choncho nsima ya nyemba imamanga thupi kuposa nsima payokha kapena nyemba pazokha. Makolo athu sankadziwa mayina amenewa, koma ankabzala chimanga, nyemba, khobwe ndi nandolo m'munda umodzi n'kuzidyera m'mbale imodzi.

Anzathu a ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Karonga amene amadalira kondowole ali ndi nkhani yawo. Ufa wa chinangwa uli ndi mapuloteni galamu imodzi kapena awiri basi pa magalamu 100. Chimene chimawapulumutsa ndi nyanja. Tsiku limene usipa wasowa kapena wakwera mtengo, wodya kondowole ndi chigwada wakhuta koma thupi lake silinalandire chomangira.

Pa mbewu zonse zimene timalima, soya alibe mnzake: magalamu 36 mpaka 40 pa magalamu 100 a soya wouma, ndipo mapuloteni ake ndi okwanira bwino pafupifupi ngati a nyama. Mtedza uli ndi magalamu 25, nyemba, khobwe ndi nandolo zili pakati pa 21 ndi 24, nzama zili m'munsi pang'ono. Usipa ndi matemba ouma, poti madzi anachoka, theka la kulemera kwake kapena kuposa ndi mapuloteni, ndipo podyera limodzi ndi minga ndi mitu munthu amapezanso zolimbitsa mafupa. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8. Ngumbi, mphalabungu ndi ziwala, zimene ena akapita kutauni amayamba kuchita nazo manyazi, zili m'gulu lomwelo la nyama. Mbewa nazonso, ngakhale sindigwirizana ndi otentha tchire lonse ndi mapesi a m'munda chifukwa cha mbewa khumi.

Ndinayesa kuwerengera tsiku limodzi la agogo a makilogalamu 60, popanda kupha nkhuku kapena kugula nyama yapabutchala. M'mawa phala la mgaiwa lothira masupuni atatu odzaza a ufa wa soya ndi nsinjiro pang'ono lipereka magalamu pafupifupi 20. Masana nsima ndi kapu yodzaza ya nyemba zophika, magalamu 25. Madzulo nsima ndi usipa wodzaza dzanja limodzi, ndi nkhwani wotendera pambali, magalamu enanso 25 kapena kuposa. Zonse pamodzi zafika pa 70. Taonani kuti ndagawa katatu. Minofu ya wachikulire imamva bwino ikalandira magalamu 25 mpaka 30 pa chakudya chimodzi, kusiyana ndi kumwa tiyi wopanda mkaka m'mawa, kudya mbatata masana, n'kudzaunjika zonse usiku. Chakudya cha m'mawa ndicho chimatigwetsa ambiri. Timalawirira kumunda ndi m'mimba mopanda kanthu, kapena ndi phala loyera la mchere.

Masupuni atatu aja ndi magalamu 30 a soya. Banja la anthu anayi likamadya motero tsiku lililonse, pachaka lidya makilogalamu 44. Ndiye kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 likwana chaka chathunthu. M'thumba limenelo muli mapuloteni makilogalamu 18, pamene thumba la chimanga lolemera chimodzimodzi lili ndi makilogalamu 4. Musanakweze thumba lomaliza panjinga, funsani kuti ndalama imene venda akupatsaniyo ingagule nyama kapena nsomba yochuluka bwanji mu Januwale. Ine ndikaika ziwirizi pasikelo, thumba limapambana.

Amayi ambiri amandiuza kuti soya amanunkha ndipo amatupitsa m'mimba. N'zoona ngati sanakonzedwe bwino. Soya wosapsa ali ndi zinthu zimene zimatsekereza thupi kugaya mapuloteni, ndipo zimaphedwa ndi moto wokha. Fungo lija limabwera soya wosweka akakumana ndi madzi ozizira asanatenthedwe. Choncho musankheni bwino, wiritsani madzi mpaka abwadamuke, ndipo muzithira soya wouma pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kuwira. Awire kwa mphindi 30. Mukatero tsanulani, mutsukeni n'kufikisa kuti makoko achoke, muyanikeni pamphasa mpaka aume gwa, ndiye mupite naye kuchigayo. Ena amakazinga m'chiwaya mpaka afiire, nazonso n'zabwino bola asapserere. Mungagayitse payekha, kapena kusakaniza gawo limodzi la soya ndi magawo anayi a chimanga, momwe amapangira Likuni Phala. Phala limenelo anthu amaliyesa la ana ndi odwala okha. Palibe lamulo loletsa agogo kulimwa. Musagayitse wambiri nthawi imodzi poti soya ali ndi mafuta ndipo ufa wake sukhalitsa. Wokwana milungu iwiri kapena itatu ndi wokwanira. Ufa womwewo umalowa m'chigumu, m'thobwa ndi m'ndiwo zamasamba m'malo mwa nsinjiro.

Kwa amene mano anatha, kaphikidwe ndiko kamagamula. Chimanga chokazinga, mtedza wokazinga ndi nyama yootcha n'zabwino kwa ife a mano, koma agogo amangoziyang'ana. Chipere cha nyemba kapena nandolo, futali, chiponde, dzira lofwafwaza, usipa wosinja n'kuuthira m'phala kapena m'ndiwo, izi zimatsika popanda nkhondo. Ndipo poomola ndiwo tiziona bwino. M'nyumba zambiri nthuli yaikulu imapita kwa bambo ndi kwa alendo, agogo aakazi n'kupatsidwa msuzi. Iwonso, mwaulemu wawo, kanthuli kakawapeza amakapatsira kamdzukulu. Mazira timawasungira kugula mchere ndi sopo. Nkhuku yachikuda ikaikira mazira khumi ndi awiri, sikuti onse ayenera kufungatiridwa kapena kupita kumsika.

Komatu chakudya chokha sichibweza mphamvu. Apa ndi pamene nkhaniyi imandikomera, chifukwa umboni wake unachokera kwa nkhalamba zenizeni. M'chaka cha 1990 dokotala Maria Fiatarone ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita m'nyumba yosungira okalamba mumzinda wa Boston ku America. Anatenga anthu khumi a zaka zapakati pa 86 ndi 96, ofooka, ena oyendera ndodo, n'kumawakankhitsa zolemera ndi miyendo katatu pamlungu kwa milungu 8. Asanu ndi anayi amene anamaliza, mphamvu za ntchafu zawo zinakwera ndi magawo 174 pa 100, kutanthauza kuti zinaposa kuwirikiza kawiri. Awiri analeka kuyendera ndodo. Atasiya masewerowo kwa milungu inayi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuzo linabwerera kumene linachokera.

Mu 1994 gulu lomwelo linabwereza ndi anthu 100, zaka zawo cha m'ma 87. Ena anangopatsidwa chakumwa chopatsa thanzi, ena masewero, ena zonse ziwiri. Patatha milungu 10, amene ankanyamula zolemera mphamvu zawo zinawirikiza, pamene amene ankangomwa chakumwacho atakhala pansi sanasinthe. Minofu imafuna kuuzidwa kuti ikufunika. Njerwa ndi simenti zikhoza kuunjikidwa pabwalo, koma popanda mmisiri nyumba siima.

Wina anena kuti, kodi mlimi n'kuuzidwa za masewero? Si khasu lomwelo? Khasu ndi ntchito yoopsa, sinditsutsa. Koma ntchito yathu imayendera nyengo. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale timasosa, kugalauza, kupalira ndi kubandira, nthawi yomwe chakudya chili chochepa pakhomo ndipo ena akudya kamodzi patsiku pofuna ganyu. Thupi likugwira ntchito yaikulu popanda chomangira, ndiye limangosungunuka. Tikakolola, chakudya chilipo, koma amuna ambiri kuyambira Juni mpaka Sepitembala amakhala pabawo ndi pamowa. Ntchito ndi chakudya sizikumana. Kachasu naye amachotsa chilakolako cha nsima n'kufooketsanso kamangidwe ka minofu. Amayi aliko bwino pang'ono chifukwa mtondo, mtsuko ndi mtolo wa nkhuni sizidziwa chilimwe. Komanso khasu limagwiritsa ntchito msana ndi manja mobwerezabwereza, pamene ntchafu ndi matako, zimene zimamudzutsa munthu pansi, sizilandira katundu wokwanira.

Chinanso ndi chifundo chathu. Azakhali anga ena, atachira malungo aakulu, ana awo anawalanda ntchito zonse. Akagwira tsache, "Amayi, siyani, tisesa ndife." Akafuna kupita kudimba, "Khalani, mwakula." Pasanathe miyezi itatu anali osatha kudzuka pamkeka popanda wowagwira dzanja. Anawo ankachita mwachikondi, koma kugona kumadya minofu ya wachikulire mofulumira zedi. Kafukufuku wina wa ku America wa 2007 anagoneka pabedi anthu athanzi a zaka za m'ma 60 kwa masiku khumi okha, ndipo anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Wodwala akangoyamba kupeza bwino, madokotala akalola, adzuke, ayende pabwalo, ndipo apatsidwe phala la soya, mazira ndi nsomba kuposa masiku onse.

Pali kayesedwe kosafuna ndalama kamene madokotala a ku Ulaya amagwiritsa ntchito. Khalani pampando wolimba, pindani manja pachifuwa, ndipo muimirire n'kukhala kasanu mofulumira momwe mungathere, wina akuwerenga nthawi pawotchi kapena pafoni. Zikakutengerani masekondi oposa 15, kapena mukalephera popanda kugwira mawondo, miyendo yayamba kutha. Mankhwala ake ndi mpando womwewo. Imirirani n'kukhala kakhumi, pumani, bwerezani kawiri kapena katatu. Zikayamba kuphweka, fungatirani chigubu cha madzi cha malita asanu pachifuwa, kenaka cha malita khumi. Chinsinsi chake chili pamenepo: katundu azikwera pang'onopang'ono, ndipo azikhala wolemera moti pofika kakhumi mwatopa. Kukankha khoma ndi manja, kunyamula makheni awiri kudimba, kukwera chitunda mutasenza kanthu, kuima ndi mwendo umodzi mutayandikira khoma, zonsezi zimawerengedwa. Malangizo a WHO a 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa pamlungu, ndipo wopitirira zaka 65 awonjezere zothandiza kuti asamadzandire masiku atatu. Siyani tsiku limodzi pakati kuti minofu ipume, poti imamangika popuma. Kuphwanya kwa thupi tsiku lotsatira si matenda. Koma kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, lekani pomwepo mukaonane ndi achipatala. Odwala kuthamanga kwa magazi ayambe ayezetsa, ndipo ponyamula asamagwire mpweya.

Achinyamata a m'matauni ang'onoang'ono muno nawonso alowa m'zonyamula zitsulo. Kuseri kwa masitolo mupeza zitini zothiramo simenti zolumikiza ndi paipi, anyamata akabaza akupikisana akatumba. Ndimawayamikira, kuli bwino kumeneko kusiyana ndi kumowa wa m'masacheti umene boma linaletsa. Amafunsa za ufa wa m'zitini umene amauona pafoni. Ufa umenewo wambiri umachokera ku madzi otsala popanga tchizi, ndiye kuti ndi mkaka womwewo, mtengo wake ndi umene uli wachilendo. Akatswiri a payunivesite ya McMaster ku Canada, mu 2018, anasonkhanitsa zofufuza 49 n'kupeza kuti mapuloteni owonjezera amathandizadi wonyamula zitsulo, koma akadutsa magalamu 1.6 pa kilogalamu patsiku phindu lina silioneka. Mnyamata wa makilogalamu 65 ndiye kuti afunika magalamu pafupifupi 100. Atenge tsiku la agogo lija, awonjezere mazira awiri, kapu ya mkaka ndi mtedza wodzaza dzanja, wafika. Nyama ya soya ya m'mapaketi, imene ili m'golosale iliyonse, nayo ndi yotsika mtengo kuposa chitini chochokera ku Johannesburg.

Chenjezo lilipo kwa odwala impso. Iwowa mapuloteni ochuluka amawalemetsa, choncho mlingo wawo auike ndi dokotala, makamaka amene akhala nthawi yaitali ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Ndipo munthu akamangoonda pamene akudya bwino, akutsokomola milungu iwiri kapena kuposa, akutuluka thukuta usiku kapena akumva ludzu losatha, musati ndi ukalamba kapena kusowa soya. Akayezetse chifuwa chachikulu, magazi ndi shuga.

Za kasungidwe ndinene pang'ono, poti thumba losiya pakhomo liyenera kufika Febuluwale lili bwino. Pa mtedza mdani wamkulu ndi chuku. Chizolowezi chathu n'chakuti mtedza wabwino, wa CG7 kapena Chalimbana wonenepa, timagulitsa, ndipo wofwapa, wosweka ndi wothimbirira ndiwo timasinja nsinjiro. Umenewo ndiwo umakhala ndi poizoni wa chuku, amene amaononga chiwindi ndipo satha ngakhale muukazinge kapena kuuphika. Wa pakhomo muusankhe monga momwe mumasankhira wa kumsika, muusunge ndi makoko ake pamalo ouma, ndipo pofuna kusenda musauwaze madzi. Nyemba, khobwe ndi nandolo zimafumbwa msanga. Ziume bwino, kenaka muziike m'matumba osalowa mpweya aja a PICS kapena m'chigubu chotseka bwino, mutazisanjika pamatabwa osati pansi. Soya safumbwa kwambiri, chimene amadana nacho ndi chinyezi. Ndipo wodya musamusakanize ndi wa mbewu amene munathira mankhwala.